Kuloza: mawu aang'ono, mlandu waukulu

Ena amafunsa kuti, "Ngati sindinawombere, ndalakwanji?" Yankho lili m'mawu oti kuloza. Tsinde lake ndi "loza", kutanthauza kulunjikitsa chinthu kumene kuli munthu kapena chinthu china, monga momwe mwana amalozera ndege ndi chala. Koma m'malo mwa chala mukakhala mfuti, nkhani imakula.

Tiyerekeze kuti mlonda ku Johannesburg wakangana ndi dalaivala pageti, wasolola mfuti n'kumuloza kuti achite mantha. Ku South Africa, lamulo la Firearms Control Act la 2000 limati kuloza munthu ndi mfuti popanda chifukwa chomveka ndi mlandu, ngakhale ilibe zipolopolo. Chilango chimatha kufika zaka 10 kundende. Khoti limafunsa ngati panalidi choopsa chenicheni.

Abale a ku Joni, mkwiyo si chifukwa chosololera mfuti.