Nambala imene inkagamula moyo

Mukukumbukira masiku aja munthu ankachokera kuchipatala n'kunong'ona kuti, "Akuti CD4 yanga yatsika"? Ambirife tinkangoti ndi nambala basi. Chonsecho nambalayo imawerenga asilikali ena a m'thupi, gulu limodzi la maselo oyera a magazi. Awawa ntchito yawo yaikulu ndi kukuwa mfuu, kudzutsa asilikali anzawo kuti mdani walowa. Munthu wathanzi amakhala nawo pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho kochepetsetsa ka magazi.

Dziko linawadziwa bwino pa nthawi ya maliro. Mu June 1981, dokotala Michael Gottlieb wa ku Los Angeles ndi anzake analemba za amuna asanu achinyamata odwala chibayo chachilendo. Mwa amene anayezedwa, asilikali a m'thupi anali ochepa modabwitsa. Pofika 1984, asayansi anapeza kuti HIV imalowa m'selo pogwira kachizindikiro ka pamwamba pake kotchedwa CD4. Ndiye taganizani, kachilombo kamayamba n'kupha wokuwa mfuu yemweyo. Mudzi ukhala bwanji?

Kuno kwathu ma ARV aulere anayamba mu 2004, koma sikuti aliyense ankangolandira ayi. Malangizo a WHO ankati munthu ayambe mankhwala akadwalika, kapena CD4 ikatsika pansi pa 200. Mu 2010 anakweza kufika 350. Vuto linali makina oyezera. Zipatala zambiri zakumidzi zinalibe, magazi ankatumizidwa kutali, zotsatira n'kumachedwa. Mayi woyembekezera angadikire mpaka liti? Mimba siidikira pepala, ndipo mwana ankatha kutenga kachilomboko.

Mu July 2011 Malawi anachita zimene dziko lina lililonse linali lisanachite: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi HIV ayambe ma ARV a moyo wonse, osayang'ana CD4. Njirayi anaitcha Option B+. Panali okayika, eti dziko losauka lingakwanitse? Koma mu 2013 WHO inaiika m'malangizo ake, ndipo mu 2015 inati aliyense wopezeka ndi kachilomboka ayambe mankhwala mosadikira.

Lero CD4 imayezedwabe, makamaka pofuna kudziwa ngati matenda afika patali. Kungoti chilolezo choyambira mankhwala sichichokeranso kwa iyo. Ine ndimaganizira aja anatisiya akudikira kuti nambala itsike kaye. Iwowa anadwala nthawi yolakwika basi.