Nzeru Imene Inabadwira pa Mtsinje wa Hudson

Usiku uno tibwerere ku America, m'chaka cha 1927.

Masiku amenewo kampani ya lamya ya Bell inali pa vuto. Maŵu oyenda pa waya kuchokera ku New York kupita ku San Francisco ankafooka m'njira, motero ankaika makina okuzira maŵu m'malo angapo. Makinawo ankadalira mavalavu, timababu tagalasi timene mphamvu yake inkasintha tikatentha kapena tikakalamba. Panalibe mmisiri wodziŵa kuti maŵa lake tisintha motani.

M'maŵa wa pa 2 Ogasiti, mnyamata wina wa pakampaniyo, Harold Black, akuoloka mtsinje wa Hudson pa sitima kupita ku ntchito, anatulukira njira, naijambula pa nyuzipepala ya New York Times imene inali m'manja mwake. Nzeru yake inali yotere: makina akuze maŵu mopyola muyeso, kenaka gawo la zotulukazo libwezedwe kukachepetsa zoloŵa. Valavu ikafooka, zobwezedwazo zimachepanso, ndipo makina amadzikonza okha.

Tiyerekeze. Makina okuza maŵu ka 10,000, tikabweza gawo limodzi mwa magawo 100, amakuza ka 99. Mphamvu ya valavu itatsika ndi theka, amakuzabe ka 98. Tataya mphamvu yambiri, koma tagula kukhazikika. Akuluakulu a boma otsimikiza zotulukira zatsopano anakayika kwambiri, mpaka chikalata chake chinatuluka mu 1937.

Koma kubweza kuli ndi ngozi yake. Zobwezedwazo zikafika mochedwa, m'malo mochepetsa zimaonjezera, ndipo makina amayamba kulira okha, monga chimachitira chinkuzamaŵu pa msonkhano. Mu 1932 Harry Nyquist anaonetsa m'mene tingadziŵire malire a ngoziyo, ndipo mnzake Hendrik Bode anaphunzitsa amisiri kusiya mpata wokwanira kuti makina asafike pa malirewo.

Kwa ine, chodabwitsa n'chakuti phunziroli linadzaiŵalika. M'zaka za m'ma 1960 kunabwera masamu atsopano oongolera ndege ndi zombo za m'mlengalenga, oŵerengera ngati kuti munthu akudziŵa makina ake bwino lomwe. Mu 1978 John Doyle anaonetsa kuti njira yotchuka ya LQG siitsimikiza mpata uliwonse: nambala imodzi itaphonyeka pang'ono, zonse zikhoza kusokonekera. Patapita zaka zitatu, George Zames wa ku Montreal anayala njira yoyamba ndi kuyeza kukula kwa zimene mmisiri sakuzidziŵa, kenaka n'kupanga makina oti apirire ngakhale zitafika poipitsitsa.