Cifukwa cake njira za makolo zimakwera phiri

Tsiku lina madzulo, ndili pa nchito ku wailesi yathu ya m'dera, mnyamata wina wa ku Ngauma anaimba foni pa pologalamu ya mbiri ya makolo. Anati: "Bambo, n'cifukwa ciani njira zakale za kwathu kuno zimakwera phiri pamene pansi pali cigwa cabwinobwino? Kodi makolo athu ankakonda kutopa?" Tinaseka, koma nditafika kunyumba funso lija linandisowetsa tulo. Yankho lake likukhudza mbiri ya dera lonse lino, kucokera ku Cuamba, kudzera ku Mandimba mpaka ku Massangulo.

Tiyambe ndi maina. Ayao amati anacokera pa phiri lochedwa Yao, kufupi ndi Muembe, ndipo atabalalika, magulu ambiri anatenga maina a mapiri amene anakakhalako. Yohanna Abdallah, wansembe wa Ciyao wa mpingo wa Anglican, anafotokoza zimenezi m'buku lake la Chiikala cha Wayao, limene linasindikizidwa ku Zomba mu 1919. Amasaninga anali a ku phiri la Lisaninga, Amangoce a ku phiri la Mangochi, ndipo Amacinga ankakhala m'mapiri a kuno ku Mandimba. M'zaka za m'ma 1800 nkhondo za Alolo ndi njala zinasamutsa Amacinga ambiri. Anatsika kulowera ku nyanja ya Chiuta ndi ku mtsinje wa Shire, kumene mafumu monga Kawinga ndi Liwonde anakhazikika. Boma la Machinga ku Malawi linatenga dzina kwa anthu amenewa. Conco munthu wa ku Machinga akafika pa msika wa Mandimba, musamuyese mlendo. Wabwera kwa agogo ake.

Nanga n'cifukwa ciani ankamanga pamwamba? Coyamba cinali nkhondo. Munthu ali pa phiri amaona utsi wa mudzi wotenthedwa adani akadali kutali. Njira yokwera inali yopapatiza, yoti anthu aziyenda mmodzimmodzi, kotero amuna owerengeka ankatha kutseka mpata wonse. M'mapanga ankabisamo mapira ndi ana. Caciwiri cinali madzi. M'nyengo ya dzinja madambo a ku Amaramba ndi m'mbali mwa Lugenda amasefukira, ndipo kamtsinje kamene mumalumpha mu Seputembala kamatenga munthu mu Febuluwale. Woyenda pa msana wa phiri amaoloka mitsinje kumutu kwake, kumene ikadali yaing'ono, ndipo amapeza akasupe amene saphwa ngakhale m'cilimwe. Njira yokwera inkatopetsa miyendo, koma inkafikitsa munthu wamoyo.

Njira zimenezi sizinathere m'midzi mwathu. Zinkalumikizana ndi njira zazikulu za malonda zopita ku gombe: ku Kilwa, ku Ibo, ku cisumbu ca Mozambique ndi ku Quelimane. Maulendo ankatenga miyezi. Popita ankasenza minyanga ya njovu, pobwera nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Cisilamu nacoso cinafika kuno kudzera m'njira zomwezi. Koma tisabise mau: m'njira zimenezi munadutsanso anthu omangidwa magoli m'khosi, ambiri a iwo Anyanja ogwidwa m'mbali mwa nyanja ndi ku Shire. David Livingstone atayenda kucokera ku mtsinje wa Rovuma mu 1866 analemba za mitembo ya akapolo imene anaiona itasiyidwa m'njira. Mu Julayi caka comweco anafika kwa Mataka ku Muembe, ndipo anayerekeza kuti mudziwo unali ndi nyumba zosacepera 1,000. Ife amene tili pano, ena ndife zidzukulu za ogulitsa, ena za ogulitsidwa, ndipo ambiri tili ndi magazi a mbali zonse ziwiri.

Pa 11 Juni 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano logawana dziko lino. Mzere umene anajambula pa pepala unadula njira zathu pakati, ndi kusiya manda mbali ina, minda mbali ina. Mafumu a m'mapiri sanagonje msanga. Jalasi, amene linga lake linali pa phiri la Mangochi, anabweza asilikali a Angerezi mu 1892. Anamugonjetsa mu 1895, iye n'kuthawira mbali ino, ndipo makoma a linga limene Angerezi anamanga pamenepo alipobe kufupi ndi Namwera. Mudzi wa Mataka unagwa m'manja mwa Apwitikizi mu 1912.

Kucokera apo nchito ya njira inasintha. Niassa anali m'manja mwa Companhia do Niassa mpaka 1929, ndipo cuma cake cinkacokera pa msonkho wa nyumba ndi pa anthu ogwira nchito mokakamizidwa. Mzungu ankayenda pa macila, onyamula ndife. Asilikali a Germany otsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck ataoloka Rovuma mu Novembala 1917, mbali zonse za nkhondoyo zinkagwira amuna kuti akhale amtengatenga, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Kampani itacoka panabwera cibalo ca boma ndi thonje lolima mokakamizidwa. M'zaka zonsezi asipai ankayenda pa mseu, anthu n'kumayenda pa phiri. Mabanja athunthu ankaoloka usiku kupita ku Nyasaland, ndipo msonkho ukawawa kumeneko ena ankabwerera pa njira yomweyo.

Panali zina zimene zinatsitsa anthu ku phiri mwamtendere. Bambo Pietro Calandri a cipani ca Consolata anafika ku Mandimba mu 1926, ndipo mu 1928 anatsegula mishoni ya Massangulo m'tsinde mwa phiri. Njira zatsopano zinayamba kuloza ku sukulu ndi ku cipatala. Njanji yocokera ku Nacala, yodzera ku Cuamba, imene pa nthawiyo inkachedwa Nova Freixo, inafika ku Lichinga mu 1969, ndipo mu 1970 inalumikizidwa ndi Malawi kudzera ku Entre Lagos ndi Nayuchi. Anthu anayamba kutsika ndi matumba kupita ku masiteshoni a Mitande ndi Catur. Njira zina za pamwamba zinamera udzu.

Zinadzatsegukanso pa nkhondo ya pa ciweniweni. Apa sindikunena za m'buku. Ndinali mwana wa zaka 6 pamene tinathawa m'mudzi usiku. Pa mseu panali posayenda, ndipo amuna ankakangana za kolowera. Amene anathetsa mkanganowo anali agogo anga akazi. Iwo anali atadutsapo pa njira ina ya pa phiri ali mtsikana, makolo awo akuthawa thonje. Anatitsogolera popanda nyali, akumapapasa miyala. Pakati pa usiku anaima pansi pa thanthwe lina n'kunena kuti tikumbe pang'ono ndi manja. Tinapeza madzi. Kutaca tinali ku mbali ya Malawi, ndipo patapita masiku tinafika ku msasa wa othawa nkhondo wa Chiumbangame. Malawi analandira anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni, ndipo ambiri a kuno anafikako ngati ife, potsatira nkhalamba imene inkakumbukira.

Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera, koma njira zambiri tinkaziopa cifukwa ca mabomba okwirira. Mozambique analengeza mu Seputembala 2015 kuti malo onse odziwika a mabombawa ayeretsedwa. Pofika nthawi imeneyo agogo anga anali atatisiya. Ndayesa kawiri kufunafuna thanthwe lija. Sindinalipeze, cifukwa sindinawafunse dzina lake ali moyo. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya.

Lero mseu wa N13 uli ndi tala kucokera ku Cuamba mpaka ku Lichinga, ndipo njinga yamoto imakufikitsa pa msika nsima isanazizire. Palibe amene akufuna kubwerera ku masiku a macila. Amene akupita ku Malawi adzere pa cipata ca Mandimba ndi Chiponde ndi mapepala ake, pakuti tsopano tili pa mtendere. Koma taonani zimene zikucitika pamwamba. Mitengo imene inali zizindikiro za njira yasanduka makala. Moto wolusa ukutentha nkhalango za pa akasupe caka ndi caka. Wina akutsegula munda pakati pa njira ya ku manda, osati mwa cipongwe, koma cifukwa palibe anamuuza. Alendo akafika ku Cuamba n'kufuna kukwera phiri la Mitucué amafuna wowatsogolera wodziwa njira ndi mbiri yake, ndipo imeneyi ndi nchito imene acinyamata athu angadyepo.

Pempho langa ndi ili. M'mudzi uliwonse muli agogo mmodzi kapena awiri amene anayendapo m'njira zimenezi. Acinyamata, tengani kope ndi colembera, kapena foni yojambula mau, mukakhale nawo pansi. Afunseni kuti njira imayambira pati, ikutsikira pati, mpata uja dzina lake n'ciani, madzi ali pati, ndani anaikidwa pamenepo. Ngati miyendo yawo ikulola, kwerani nawo m'cilimwe cino, mutapempha kaye kwa amfumu. Zimene mwalembazo mubwere nazo ku bungwe lathu kapena ku wailesi, tidzaziwerenga m'Cinyanja, m'Ciyao ndi m'Cimakua.

Kwa mnyamata wa ku Ngauma uja, yankho ndi ili: makolo ako sankakonda kutopa, mwana wanga. Ankakwera phiri kuti iwe udzabadwe. Pita ukawafunse agogo ako dzina la njira imene ili kuseri kwa nyumba yanu, mawa lomweli.