Uzimba wa Makolo ndi Kufika kwa Mfuti

Masiku akale, mfuti zisanafike m'dziko muno, uzimba waukuru unali ndi mwini wace, ndiye mfumu ya dziko. Iyo ndiyo inali kuchula tsiku, makamaka m'cirimwe udzu utauma, ndipo amuna anali kusonkhana ndi mauta, nthungo, zibonga, maukonde ndi agaru.

Uzimba unali ndi malamulo ace. Nyama inali ya munthu amene anayamba kuilasa, cinkana wina ndiye anaitsiriza. Njobvu ikaphedwa, mnyanga wogunda pansi unali wa mfumu. Mlenje akalasa njati, anayenera kulondola magazi ace kufikira ataipeza, pakuti njati yolasidwa ikasiyidwa m'chire ikhoza kupha mkazi wotola nkhuni.

Mubvi sufika patali. Cifukwa cace mlenje anayenera kudziwa kumene mphepo ikucokera, ndi kukwawa mwakacetecete kufikira atayandikira. Luso limeneli silinali kudza tsiku limodzi. Anyamata anali kuyamba ndi timauta tating'ono, kulasa mbalame ndi abuluzi, ndipo anali kulowa m'gulu la akuru dzanja litakhwima. Amang'anja a ku Shire anali kupaka mibvi yao ulembe wa mtengo wochedwa kombe, ndipo mubvi wotere sunali woseweretsa pakati pa ana.

Zinthu zinasintha pamene malonda a minyanga ndi akapolo anakula. Ca m'ma 1840, Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota. Iye pamodzi ndi amalonda Aciyao, ndi Acikunda a ku Zambezi, anabweretsa mfuti za gogodera ndi onga. Mfuti imeneyi inali kudzazidwa ca kukamwa, ndipo munthu akacurutsa onga, mpope unali kuphulika ndi kumdula zala kapena kumcititsa khungu. Koma coipa coposa cinali cakuti tsopano mnyamata wosaphunzira za m'chire anatha kuombera ali patali, nalasa nyama zambiri zimene zinakafera kwina.

M'caka ca 1859, David Livingstone pokwera mtsinje wa Shire anaona njobvu ngati 800 m'dambo limene analicha Elephant Marsh. Zisanathe zaka 40, alenje akuda ndi Azungu omwe anali atazicepetsa kwambiri, kotero kuti mu 1897 Boma la Atsamunda linaika dambolo kukhala malo osungira nyama. Koma linacedwa, ndipo lero m'dambomo mulibe njobvu. Malamulo a nthawi imeneyo anawawa anthu a m'midzi, pakuti Mzungu wa ndalama anali kugula cilolezo, pamene mwini munda umene njobvu zinali kuudya analetsedwa.

Nkhani ya ku Majete m'boma la Chikwawa iri ndi mathero ena. Kumeneko njobvu zinatha zonse pofika 1992. Mu 2003 bungwe la African Parks linayamba kusamala nkhalangoyo pamodzi ndi Boma, ndipo mu 2006 njobvu zinabwezedwamo pa magalimoto. Nyama zimene makolo anazipeza zokha, ife tinacita kuzinyamula ndi ndalama zambiri.

Tsono inu amene mwaloledwa kusunga mfuti yotetezera munda, kumbukirani mwambo wa uta. Yambani mwaphunzira kulozetsa pa cizindikiro coikidwa patsogolo pa culu, kuti cipolopolo cikaphonya cilowe m'dothi. Musaombere udzu umene ukugwedezeka musanaone cimene ciri m'menemo, pakuti mwina ndi mwana wosaka mbewa. Musaloze mfuti kwa munthu ngakhale mukuganiza kuti iribe kanthu, ndipo muicotse zipolopolo musanalowe nayo m'mudzi. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Nyama ikathawa mudzaipeza tsiku lina, koma cipolopolo cikaturuka palibe angaciitane kuti cibwerere.