Kodi laisensi yapafoni n'ciani?

Laisensi yapafoni ndi ciphaso coyendetsera galimoto cimene boma limaika m'foni ya dalaivala kuti cizimudziwikitsa monga mmene khadi imacitira. Imakhala ndi cidindo cobisika ca ofesi yoipereka, ndipo wapolisi amatsimikizira cidindoco ndi makina ake. Muyezo wa maiko onse wa laisensi yotere unatuluka mu 2021, ndipo mu 2022 cigawo ca Arizona ku America cinayamba kuilola m'mafoni a iPhone.

Muno m'Zambia lopereka laisensi ndi bungwe la RTSA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la zapamsewu la 2002. Conco madalaivala a ku Katete, Sinda ndi Vubwi azindikire kuti cithunzi ca khadi cojambula ndi foni si laisensi yapafoni. Cilibe cidindo cija, ndipo aliyense angathe kucisintha.