Kankhata kozungulira pa foni: kuchokera ku Broken Hill mpaka pa 12 August 2021

Tonse timakadziwa kankhata kaja. Watsegula YouTube kapena TikTok, chithunzi chaima, ndipo pakati pa sikirini kankhata kayamba kuzungulira ngati galu wofuna kudziluma mchira. Pamwamba pa foni chizindikiro cha Wi-Fi n'chodzaza bwinobwino, koma vidiyo siyenda. Zimene timachita pa nthawi imeneyo n'zofanana, kaya tili ku Bwacha, ku Chowa, ku Makululu kapena m'mahositelo a ku Mulungushi University ndi ku Kwame Nkrumah. Timazimitsa Wi-Fi n'kuiyatsanso, timatseka apu, timazimitsa foni, ena mpaka amaigwedeza ngati botolo la maheu. Zikakanika timaitukwana kuti ndi ya gong'a.

Nthawi zambiri foniyo ilibe mlandu. Wi-Fi ndi kamlatho kakafupi chabe, kochokera pa foni kufika pa rauta imene ili pa kabati kapena pakhoma. Timizere todzaza tija timangotiuza kuti foni ndi rauta zikumvana. Sititiuza ngati rautayo ikulankhula ndi dziko. Ndipo vidiyo ndiyo imayamba kudwala msewu ukachepa, chifukwa meseji ya mawu ndi kanthu kopepuka kamene kamadutsa paliponse, pamene vidiyo imafuna kuti zinthu zizibwera mosadukiza, sekondi iliyonse.

Pali zoyesa zingapo, ndipo n'zabwino kuzidziwa. Tsegulani apu ina kapena tsamba lina muone ngati likubwera. Chokani pa Wi-Fi mupite pa bandulo ya pa simu: vidiyo ikayenda pamenepo, vuto lili pa rauta kapena pa kampani imene imaidyetsa. Zulani rauta pa malaiti, dikirani pang'ono, ibwezereni. Onani ngati tsiku ndi nthawi pa foni zili zolondola, chifukwa zikasokonekera maapu ambiri amakana kulumikizana. Fufutani cache ya apuyo, ikani apu yatsopano ngati yakalamba, tsitsani vidiyo kuchoka pa 1080p kufika pa 360p. Ngati ndi Wi-Fi ya pasukulu kapena pa loji, mwina pali tsamba lofuna dzina ndi pasiwedi limene simunalitsegule, kapena eni ake anatseka dala mavidiyo kuti intaneti ikwanire onse. Zonsezi zikalephera, ndiye kuti vuto lili kunja kwa nyumba, pa msewu wautali umene vidiyo imayenda kuti ifike ku Kabwe. Msewu umenewo uli ndi mbiri, ndipo ndi yakale kuposa mafoni.

Tauni yathu inayamba ndi mgodi. Mu 1902 T. G. Davey anapeza miyala ya mtovu ndi zinki pano, n'kutcha malowa Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji yochokera kum'mwera inafika mu 1906, ndipo m'mbali mwake munabwera waya wa telegalafu. Umenewo ndiwo unali netiweki yoyamba ya tauni ino, koma unali wa eni mgodi, a njanji ndi a boma la atsamunda. Munthu wokumba pansi akafuna kuuza kwawo kuti ali moyo, ankalembetsa kalata kapena kupatsira mawu mnzake wopita kumudzi. Mu 1925 anatsegula malo opangira magetsi pa mtsinje wa Mulungushi, amodzi mwa oyambirira a mtundu umenewu mu Africa. Magetsiwo anali a makina a mgodi. M'makomboni anthu ankayatsabe koloboyi.

Chinthu choyamba chopanda waya chimene chinalowa m'nyumba za agogo athu chinali wayilesi, ndipo dzina lakelo limanena zomwezo zimene timanena lero za Wi-Fi, kuti palibe waya. Mu 1949 kunabwera kawayilesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati poto. Harry Franklin, amene ankatsogolera zoulutsa mawu ku Lusaka, ndiye anakakamira kuti kapangidwe, ndipo kampani ya Ever Ready inakapanga. Kankayendera batire, choncho sikankafuna magetsi a mgodi. Anthu anayamba kumva nyimbo ndi nkhani m'Chinyanja, m'Chibemba ndi m'zilankhulo zina. Koma siteshoni inali ya boma la atsamunda, ndipo zolankhula ankasankha ndi iwo. Waya unachoka, mwini wake anatsala.

Chaka cha 1994 anthu a ku Kabwe amachikumbukira chifukwa mgodi unatsekedwa, n'kutisiyira ulova ndi fumbi la mtovu limene likudwalitsabe ana ku Kasanda, ku Chowa ndi ku Makululu. Chaka chomwecho, mu November, pa University of Zambia ku Lusaka, ZAMNET inalumikiza dziko lino ku intaneti, Zambia n'kukhala limodzi mwa mayiko oyambirira kum'mwera kwa Sahara kuchita zimenezi. Dziko lonse linkadalira waya umodzi wopita ku Cape Town, wa liwiro la makilobiti 14.4 pa sekondi. Tiwerenge pang'ono. Kavidiyo ka mamegabaiti 10, kamene lero timatumizirana pa gulu la WhatsApp osaganizira kawiri, kakanatenga ola limodzi ndi theka kuti katsike, ndipo pa nthawi yonseyo palibe wina aliyense m'Zambia akanagwiritsa ntchito wayawo.

Zaka zotsatira zinathamanga. Mafoni a m'manja anabwera, makampani anasinthana mayina, Celtel n'kukhala Zain kenako Airtel, Telecel n'kugulidwa ndi MTN mu 2005. Amene tinakula m'zaka zimenezo timakumbukira makafe a intaneti m'tauni, kulipira pa mphindi, theka la ndalama n'kuthera kudikira tsamba limodzi. Chimene chinasintha zinthu kwenikweni ndi nthambo za faiba. Zambia ilibe nyanja, pamene intaneti ya dziko lapansi imayenda m'nthambo zoyalidwa pansi pa nyanja. SEACOM inayamba kugwira ntchito mu 2009 ndipo EASSy mu 2010, zonse kugombe la kum'mawa, kudzera ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. WACS inayamba mu 2012 kugombe la kumadzulo, n'kutulukira ku Swakopmund, ku Namibia. Kuti zimene zili m'nthambo zimenezo zifike kwa ife ziyenera kudutsa m'dziko la eni, kenako kutsata misewu ikuluikulu, njanji ndi mizere ya magetsi, popeza ZESCO nayo inayala faiba pa mizere yake. Kuchoka ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam pa njanji ya TAZARA ndi makilomita 1,860. Pa mtunda wautali chonchi, katapila mmodzi wokonza msewu kapena mbala imodzi yoganiza kuti m'nthambomo muli kopa ndi yokwanira kuimitsa vidiyo ya munthu amene wakhala phee ku Katondo. Kabwe ili ndi mwayi woti ili pa mzere wa njanji, pakati pa Lusaka ndi Copperbelt, ndiye nthambo zimadutsa pakhomo pathu monga mmene waya wa telegalafu unadutsira. Koma zikudutsa chifukwa zikupita kwina.

Ndiye pali malaiti. Rauta imafuna magetsi, nsanja ya netiweki imafuna magetsi, ndipo makina a m'njira monsemo amafunanso magetsi. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika pa ngozi ya dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, ndipo kuzima kwa malaiti, kumene kunayamba ndi maola 8 pa tsiku mu March, kunafika maola 17 ndi kupitirira pofika September. Ambiri tinagula mapawabanki ndi tizipangizo ta sola tosungira rauta moyo, n'kudabwa kuti chizindikiro cha Wi-Fi chilipo koma palibe chikuyenda. Chifukwa chake n'chakuti nsanja nayo imadalira mabatire ndi jenereta, ndipo malaiti akapita nthawi yaitali mabatire amatha asanadzazenso. Zinali zowawa kuganiza kuti tauni imene inaona magetsi a madzi pafupifupi zaka 100 zapitazo ikusakasaka pochajira foni.

Chilala sichisankha apu, chimazimitsa zonse pamodzi. N'chifukwa chake zimene zinachitika zaka zitatu chilalacho chisanabwere n'zosiyana, ndipo tiyenera kuzikumbukira bwino.

Pa 12 August 2021, Lachinayi, linali tsiku la chisankho. Anthu anaima pa mizere kuyambira mbandakucha, ambiri mwa iwo achinyamata ovota koyamba. Tsikulo lili mkati, WhatsApp inaima. Facebook, Messenger, Instagram ndi Twitter nazo zinaima. Mavidiyo a mizere ya ovota amene anthu ankatumizirana anangotsala pa kankhata. Tinachita zonse zija timachita: kuzula rauta, kufufuta cache, kusintha simu, kuchoka pa Wi-Fi kupita pa bandulo n'kubwereranso. Palibe chinathandiza. Koma panali chodabwitsa chimodzi, chimene aliyense wodziwa za netiweki anachiona msanga. Malaiti analipo, masamba ena ankatseguka, imelo inkapita. Nthambo ikaduka siisankha maapu ochezerana okha n'kusiya masamba ena onse. Bungwe la NetBlocks, limene limayang'anira za intaneti padziko lonse, linatsimikiza tsiku lomwelo kuti maapu amenewa atsekedwa pa Zamtel, Airtel, MTN ndi Liquid Telecom. Masiku ochepa m'mbuyomo boma linali litakana mphekesera zoti intaneti idzatsekedwa.

Madzulo a tsikulo achinyamata ambiri anaphunzira zilembo zitatu, VPN. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. M'malo moti foni ipemphe Facebook poyera, pamene wotseka akuona n'kukana, imakulunga pempholo n'kulitumiza kaye ku kompyuta ya m'dziko lina, ndipo kompyutayo ndiyo imakatenga vidiyo n'kuibweza itakulungidwanso. Wa pachipata amangoona katundu womangidwa, osadziwa za mkati. Amene anali nayo kale anagawira anzawo pa Bluetooth ndi pa maapu otumizirana mafayilo, foni ndi foni. Tinalinso ndi mwayi poyerekeza ndi a ku Uganda, amene mu January chaka chomwecho anawazimitsira intaneti yonse kwa masiku angapo pa chisankho chawo, moti ngakhale VPN inalibe podutsa. Komabe tisadzinamize kuti VPN inapulumutsa aliyense. Amayi ogulitsa pamsika amene amalandira maoda pa WhatsApp, kapena agogo odikira foni ya mwana wawo ali ku Johannesburg, ambiri sanadziwe n'komwe kuti pali njira yozembera. Iwo anangoti foni yafa.

Chimene chinatsegula chipata kwa onse ndi khoti. Bungwe la Chapter One Foundation linasumira ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mauthenga, ndipo pa 13 August High Court ku Lusaka inalamula kuti kutsekako kuime. Pa 14 August maapu anabwerera. Pa 16 August bungwe loyendetsa zisankho linalengeza kuti Hichilema wapambana ndi mavoti opitirira 2.8 miliyoni, pamene Edgar Lungu anapeza opitirira 1.8 miliyoni. Kutseka kuja sikunasinthe chilichonse pa mavoti. Kunangochititsa kuti pa masiku awiri amene anthu ankafunitsitsa kudziwa zoona, adalire mphekesera za pa siteshoni ya mabasi.

Mlanduwo sunathere pamenepo. Mu March 2022 mbali ziwirizo zinagwirizana pamaso pa khoti. ZICTA inavomera kuti sidzachita chilichonse chopitirira mphamvu zimene lamulo limaipatsa chimene chingatsekereze anthu kupeza mauthenga, ndiponso kuti intaneti ikadzasokonezeka idzauza anthu chifukwa chake pasanathe maola 36. Ndi pepala lofunika, ndipo mayiko ambiri a mu Africa amene anatsekeredwapo intaneti alibe lotere. Koma tiliwerenge modekha. Silinena kuti intaneti sidzatsekedwanso, likunena za kutseka kopanda lamulo, ndipo malamulo amalembedwa ndi amene ali pampando pa nthawiyo. Komanso malo ovotera amatsegulidwa 06:00 n'kutsekedwa 18:00, maola 12 okha. Maola 36 ofotokozera aja ndi masiku atatu ovota.