Babu ya ZCCM ndi zakaat ya ku Ndeke

Ife amene tinabadwa migodi itagulitsidwa kale timamva za ZCCM ngati nthano za agogo. Akuti babu ikapsa m'nyumba ya ku Wusakile, munthu ankangopita kukatenga ina ku kampani. Nyumba inali ya mgodi, madzi a mgodi, chipatala cha mgodi, ngakhale timu ya Nkana imene timaikuwira mpaka lero inaleredwa ndi mgodi. Akuluakulu akamasimba zimenezi amapukusa mutu n'kunena kuti makampani a masiku ano alibe mtima.

Koma nkhani ya mtima tiyiike pambali kaye. Anglo American ndi Rhodesian Selection Trust sanamange makomboni chifukwa chokonda agogo athu. Ankafuna antchito okhazikika, ndipo masitiraka a 1935 ndi 1940 anawaphunzitsa kuti wantchito wanjala amaimitsa mgodi. A Kaunda atalengeza ku Matero mu 1969 kuti boma litenga magawo 51 pa 100 a migodi, mtolo wosamalira anthu unakula, ndipo ZCCM itapangidwa mu 1982 inausenza wonse pamene mtengo wa kopa unali utagwa kale. Pofika 2000 migodi inali m'manja mwa eni atsopano monga Mopani ndi KCM, amene anabwera kudzakumba kopa basi. Apa m'pamene tinayamba kumva mawu akuti CSR: kalasi imodzi yopakidwa penti, chikwangwani chachikulu, bwana akumwetulira pa chithunzi. Chaka chamawa angachite kapena ayi, palibe womufunsa.

Pali njira ina imene yakhala pafupi nafe zaka zonsezi, ku Ndeke ya ku Ndola, koma sitiikamba. Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia pa 11 November 1965, njira ya mafuta ya kumwera inatsekeka, ndipo Zambia inayamba kukoka mafuta ndi malole kuchokera ku Dar es Salaam pa msewu woipa uja wa Great North Road. Ena mwa madalaivala anali Asomali. Paipi ya TAZAMA itatsegulidwa mu 1968 ndi Indeni mu 1973, ena sanabwerere. Anakhazikika ku Ndola, ambiri ku Ndeke, n'kukulitsa bizinesi ya malole ndi matanka. Anabwera ndi Chisilamu chawo, ndipo m'Chisilamu wamalonda sadikira kuti mtima umugunde kuti apereke.

Lamulo lake ndi zakaat, imodzi mwa nsanamira zisanu za chipembedzocho. Msilamu amene chuma chake chafika pa mlingo wotchedwa nisaab, umene ambiri amauwerengera pa magalamu 85 a golide, ndipo chakhala naye chaka chathunthu, ayenera kutulutsa gawo limodzi pa magawo 40. Pa K100,000 iliyonse, K2,500 si yake. Katundu wogulitsa amene ali m'sitolo amawerengedwa, ndalama za kubanki zimawerengedwa. Lole imene akugwirira ntchito siiwerengedwa, koma ndalama imene loleyo yabweretsa n'kusungidwa imalowa m'masamu. Olandira nawonso sasankhidwa mwachisawawa. Qur'an, m'sura 9, imatchula magulu asanu ndi atatu, ndipo mwa iwo muli osauka, omira m'ngongole ndi wapaulendo amene zamuthera panjira. Dalaivala aliyense amene lole inamufera pakati pa Mpika ndi Nakonde akudziwa kuti gulu lomalizali si la m'buku chabe.

Chachiwiri ndi waqf, chuma choperekedwa kwamuyaya, chosagulitsidwa ndiponso chosagawidwa kwa ana pa maliro. Chitsanzo chimene Asilamu amakonda kutchula ndi cha Uthman ibn Affan, wamalonda wolemera wa ku Medina, amene anagula chitsime cha Rumah n'kuchisiya kuti aliyense atunge ulele. Ku Fez, m'dziko la Morocco, Fatima al-Fihri, mwana wa wamalonda, anamanga mzikiti wa al-Qarawiyyin mu 859 ndi chuma cha bambo ake, ndipo malowo akuphunzitsabe anthu. Maiko ena anafika poika zakaat m'manja mwa boma: Pakistan inayamba kuidula pa maakaunti a kubanki mu 1980, ndipo ku Saudi Arabia makampani a eni dziko amailipira ku boma. Kuno kwathu, dziko limene a Chiluba analilengeza kuti ndi lachikhristu mu 1991, ZRA siitolera zakaat. Zili pakati pa munthu, mzikiti wake ndi Mulungu. Komabe zipatso zina zimaoneka ndi maso, monga sukulu ndi kiliniki ya Makeni Islamic Society Trust ku Lusaka.

Tisakometse nkhani mopyola. Amalonda achisilamu oyamba kufika dera la Ndola anali Aswahili a kwa Chiwala, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo malonda awo anali minyanga ndi anthu. Mtengo wa akapolo wa mu Makoli Avenue unkatikumbutsa zimenezo. Lamulo labwino silinaletse munthu kugulitsa mnzake. Ndipo lero akatswiri ambiri a chipembedzocho amati zakaat ipite kwa Asilamu. Wa kwa neba amene si Msilamu amathandizidwa ndi sadaka, imene ilibe mlingo. Komanso munthu angathe kutulutsa K2,500 yake mokhulupirika kwinaku akulipira dalaivala kapena wogulitsa m'sitolo malipiro osafika pa 15 wa mwezi.

Chimene chimatikopa ifeyo ndi nambala ija. Babu ya ZCCM inadalira mtengo wa kopa ku London, ndipo utagwa babu inazima. CSR imadalira bajeti ya chaka chimenecho ndi bwana amene alipo. Zakaat ili ndi mlingo wake, tsiku lake ndi mndandanda wa eni ake, moti wosauka amaiona ngati gawo lake osati chifundo. Chovuta n'chakuti masamuwo amachitikira m'chipinda, nthawi zambiri m'mwezi wa Ramadan, ndipo ife a m'komboni timangoona matanka akudutsa, mabukuwo sitinawaonepo.